Ampulifaya Yosaleka Kung'ung'udza

A Khutu sanabadwe ndi dzina limeneli ayi. Analitola mumsewu momwe ankagwira ntchito, ndipo linawakanirira mpaka akazi awo omwe, akapsa mtima, ankawaitana lomwelo. Ankakonza mawailesi ndi maampulifaya m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi telala, kachipinda koti munthu akatambasula manja amagunda mashelefu uku ndi uku. Mpando unalimo, koma chimene anaugulira palibe akudziwa. Munthuyo sankakhala pansi. Ankawotcherera ataimirira, kudya ataimirira, ndipo kasitomala akamazungulira pofotokoza vuto lake, iwo n'kuti atamasula kale chivundikiro.

Dzinalo linachokera pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Anzawo a ntchitoyi amadalira mita yoyezera magetsi. A Khutu mita anali nayo, koma ankaitenga ngati mlamu, woti umamufunsa maganizo mwaulemu kenako n'kuchita zako. Akamaliza kukonza ampulifaya ankatsitsiratu voliyumu, n'kugunditsa khutu lakumanzere pa sipika, n'kukweza dzanja lamanja m'mwamba. Dzanja limenelo linali lamulo. Wometa ankazimitsa makina ake munthu ali ndi tsitsi mbali imodzi, telala ankachotsa phazi pa makina osokera, ndipo akazi awo, amene masana aliwonse ankabwera ndi tiyi m'fulasiki n'kukhala pa kampando ka pakhomo akuluka, ankadula nkhani pakati pa liwu. Sipika ikakhala zii, chinthucho chinkatuluka. Ikamveka ng'uuu ngakhale pang'ono chabe, mwini wake ankabwerera chimanjamanja, kaya adandaule kaya atukwane.

Khutulo analinola ali wachinyamata, pamene ankanyamulira masipika gulu lina loyimba m'maholo ndi m'mabala. Anzawo akamavina iwo ankaima chogundana ndi sipika kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kumvetsera zimene zinali pansi pa nyimbo, osati nyimboyo. Moyo umenewo anaudziwa bwino ndipo sanaukonde: kugona m'magalimoto, kunamizidwa ndi eni maholo, anyamata aluso kuthera m'botolo. Anatulukamo ndi mkazi, amene anamupeza akusesa holo ina, ndi khutu lomwe pambuyo pake linalera ana onse ndi kufolera nyumba.

Masiku amenewo maampulifaya sankabweranso kawirikawiri. Anthu ankabweretsa machaja a foni ndi tizinthu tina tosafuna khutu. Mwina n'chifukwa chake a Khutu anayamba kukangana ndi zinthu za kunyumba. Firiji anaisuntha kuchoka kukhitchini kupita pakhonde, ati ikung'ung'udza. Itafika pakhonde anati vuto ndi thiransifoma ya pa mtengo wa magetsi kuseri kwa mpanda. Akazi awo ankangowathandiza kukankha firijiyo.

Ndiye kunabwera mzime wawo, mwana wamkazi wotsiriza, atanyamula ampulifaya pa njinga ya hayala. Mtsikanayu anali woyimba, ngakhale bambo ake anayesetsa kumukaniza mpaka pakamwa kuwawa. Gulu lake linali litapeza mwayi woyimba koyamba m'holo yeniyeni Loweruka, ndipo linagula ampulifaya yakaleyi kwa munthu wina amene anaisunga m'galaja. Inali yolemera ngati thumba la simenti. Atailumikiza, inabuula moti ndi telala yemwe anasuzumira kufunsa ngati kwabwera ng'ombe.

Mtsikanayo anati gululo lilibe ina, ndipo popanda imeneyi Loweruka kulibe. A Khutu anali atalowetsa kale mutu m'kati.

Vuto linali poyera. M'gawo lolandira magetsi munali makapasita awiri akuluakulu, tizitini takuda toimirira, ndipo onse anali atatupa pamutu, ina itachucha madzi abulauni m'munsi. Ntchito ya kapasita si yovuta kuimvetsa. Magetsi a pakhoma amabwera modumphadumpha, ndiye iyo imawasunga n'kumawapereka mosalala, monga thanki imachitira madzi a pampopi akamabwera modukiza. Ikakalamba imauma m'kati, ndipo kudumphadumpha kuja kumafika mpaka ku sipika. A Khutu anagunditsa mawaya a babu pa miyendo ya makapasitawo kuti magetsi otsalira athere m'babumo osati m'zala zawo, kenako anawazula, n'kuponya imodzi m'thumba la malaya.

Pa kusankha makapasita ndiye panalibe wowaphunzitsa. Anapita kwa wogulitsa zipangizo wa kumsika, amene anthu ankamutcha a Chilipo chifukwa usanamalize kutchula chimene ukufuna iye anali atayankha kale kuti chilipo. A Chilipo anakhuthula bokosi lonse pa kauntala, ndipo a Khutu anayamba kusankha. Mavoti a magetsi olembedwa m'mbali asachepe kuposa a yakaleyo. Kuposa pang'ono ndi bwino. Kuchuluka kwa magetsi amene imasunga kufanane ndi kwa yakale, kapena kupitirire pang'ono basi. Nambala ya kutentha ikhale 105 osati 85, chifukwa malo ake ndi oyandikana ndi chitsulo chomwe chimatentha ngati simbi. Miyendo italikirane molingana ndi timabowo ta pa bolodi, msinkhu ulole chivundikiro kutseka. Zonsezi zitagwirizana, ankaiyesa kulemera m'manja n'kuigwedeza pafupi ndi khutu, chifukwa pali akamberembere ena amene amabisa kakapasita kakang'ono m'chitini chachikulu. Anasankha awiri olemera bwino, osagwedera m'kati. Anasankha bwino ndithu, ndipo zimenezi tizikumbukire.

Pofika masana anali atawawotcherera, mzere woyera utaloza kumene uyenera kuloza, poti kapasita yoikidwa chozondoka imaphulika. Mzime uja anali atabwera kudzadikira, ataima pambali pa amayi ake. A Khutu anayatsa, anatsitsa voliyumu, anagunditsa khutu, dzanja m'mwamba. Msewu wonse unagwira mpweya.

Ng'ombe ija inali itachoka. Koma pansi penipeni, kutali, panali kanthu. Ng'uuu.

Anauza mwanayo kuti abwere mawa. Iye anawerama, n'kuika khutu lake pa sipika.

"Bambo, ine sindikumva kanthu. Ili bwinobwino."

"Ungamve chiyani iwe? Makutu anatha kale ndi ng'oma."

Mtsikanayo anayang'ana amayi ake. Amayiwo anayang'ana zoluka zawo.

Kuyambira pamenepo a Khutu anasowa mtendere, ndipo anasowetsa mtendere msewu wonse. Poyamba anaganiza kuti a Chilipo awagwira m'maso. Anazula makapasita atsopano aja, n'kuwaponya m'chitini cha mabisiketi, n'kukagula ena kwa wogulitsa wa mbali ina ya tawuni. Ng'uuu. Anabwerera ndi ukali, anagula yachitatu yofanana nawo, n'kuicheka ndi sowo pamaso pa wogulitsayo kuti amuyalutse. M'kati munali modzaza bwinobwino, ndipo amene anayaluka si wogulitsayo. Anabwerako wapansi, poti kudikira minibasi kuti idzaze sakanatha, akuyankhula okha m'njira.

Mita anaifunsa. Mita inati magetsi ndi osalala. Anaibwezera pa shelefu mokhala ngati yawatukwana. Anawotchereranso mfundo iliyonse pa bolodi, anasuntha mawaya kuwatalikitsa ndi thiransifoma ya m'kati, anasintha chingwe cha sipika, anasintha sipika imene. Anazimitsa nyali ya m'chipindamo. Anakalowa kwa wometa n'kumuzulira kafiriji kake ka zakumwa, ndipo wometayo, munthu wofatsa, anangofunsa ngati dzuwa nalonso alizimitse. Dzanja lija linkakwera pafupipafupi moti telala anayamba kusoka ndi singano ya manja kuti ntchito iziyendako.

Chomwe chinkawadya a Khutu si manyazi a ntchito okha. Ankadziwa zimene holo imachita ndi kaphokoso kakang'ono. M'kachipinda n'kosamveka, koma m'holo, nyimbo ikafika pamene zoyimbira zonse zimaleka n'kutsala mawu a munthu mmodzi, kamatuluka n'kukhala pansi pa mawuwo ngati litsiro pa kolala ya malaya oyera. Mwana wawo anali ndi mawu oyera. Anamumvapo akuyimba akuchapa, iwo atabisala kuseri kwa chitseko, ndipo sanamuuzepo. Sankafuna kuti ayimbe, zoona, koma poti waumirira, ndiye asakayimbire pamwamba pa ng'uuu. Kuti anene zimenezi ndi pakamwa, ayi, sanali munthu wotero. Mwanayo akabwera, ankangomva kuti mawa.

Lachisanu m'mawa anachita chinthu chimene akanamukalipira nacho munthu wina aliyense. Anapita kwa a Chilipo n'kuloza makapasita a pa shelefu ya pamwamba, akuluakulu ngati makapu a tiyi. Iwo eni ankadziwa, ndipo anali atauzapo anthu ambirimbiri, kuti kapasita yaikulu mopitirira si mankhwala. Ikakhala yopanda kanthu, pa kuyatsa imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo amene amafa ndi madayodi, tizipangizo tating'ono towongola magetsi tomwe tili patsogolo pake. A Chilipo anakanda m'mutu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anaoneka ngati akufuna kunena kuti palibe.

"A Khutu, awatu ndi a makina a m'fakitale. Mukufuna kukonza ampulifaya kapena sitima?"

A Khutu anati sanabwere kudzafunsira nzeru.

M'bokosi la ampulifaya sanakwanemo, ndiye anawagoneka pa tebulo n'kuwalumikiza ndi mawaya atali. Mtima unkawauza kuti asiye. Anayatsa. Kunamveka phu, nyali ya kwa wometa inaphethira, ndipo kautsi konunkha kanakwera pang'onopang'ono kuchokera pa bolodi. Fyuzi inali itapsa, madayodi atasweka.

Mzime anafika utsiwo usanathe m'chipindamo. Anayang'ana mawaya ali mbwee, makapasita achilendo ali gone pa tebulo, bolodi itada. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Bambo, inali bwino. Mwaipha ndinu. Mukanangondiuza kuti simukufuna ndikayimbe, m'malo mondizunza chonchi."

Anatuluka osadikira yankho. Mawuwo anawalasa a Khutu kuposa chipongwe chilichonse chimene kasitomala anawanenapo, chifukwa mwanayo anali ndi chifukwa chokhulupirira zimenezo. Tsiku lonselo anangozungulira m'kachipindamo, kutola ichi kusiya, kutola icho kusiya. Tiyi wa akazi awo anazizira m'kapu.

Loweruka analawirira. Ukali unali utatha, kutatsala mantha okhaokha, ndipo mantha anawabwezera nzeru. Anachotsa zimakapasita zija, anaika madayodi ena ndi fyuzi ina, anapukuta mwaye. Kenako anatsegula chitini cha mabisiketi n'kutulutsa awiri oyamba aja, a kwa a Chilipo. Anawatembenuza m'manja, anawerenganso manambala. Panalibe cholakwika ndi chimodzi chomwe. Anawabwezera m'malo mwake.

Akazi awo anafika nthawi yawo isanakwane, opanda fulasiki, opanda zoluka. Anakhala pa kampando kawo pakhomo, pafupi ndi soketi ya pakhoma pamene panalowa pulagi ya ampulifaya. Anati mwana sanadye dzulo, ndipo anzake a gulu akubwera ndi galimoto masana kudzatenga chinthucho, chamoyo kapena chakufa.

A Khutu anayatsa. Kanyali kofiira ka kutsogolo kanayaka, utsi panalibe. Anatsitsa voliyumu, anatembenukira kukhoma, anagunditsa khutu lakumanzere pa sipika, anatseka maso. Dzanja linakwera. Wometa anazimitsa makina, telala anaima.

Ng'uuu.

Anakhala choncho nthawi yaitali, akusakasaka m'mutu chimene sanayese. Kumbuyo kwawo akazi awo anatambasula mkono n'kuzula pulagi mwakachetechete. Sanafulumire kuyankhula. Zaka zonse zokhala pakhomo paja zinawaphunzitsa kuti ampulifaya siifa nthawi yomweyo, makapasita amayamba atha kaye zimene asunga. Anadikira mpaka kanyali kofiira kanazilala n'kuzima.

"Ikulirabe, bambo?"

"Mayi, chete."

"Ndangofunsa. Ikulirabe?"

"Ikulira. Chimodzimodzi ngati poyamba."

Mayiwo anaimirira, n'kuika pulagi ija m'dzanja lomwe linali m'mwambalo.

A Khutu anatsegula maso. Anayang'ana chimene chinali m'manja mwawo, anatsatira chingwe chake ndi maso mpaka kumbuyo kwa ampulifaya, anayang'ana kanyali. Munthu wamakani safa msanga: anatenga babu lija n'kuligunditsa pa miyendo ya makapasita. Silinayake ngakhale pang'ono. M'bokosimo munalibe magetsi oti n'kuliza kanthu. Anachoka pa sipika n'kukaima pakati pa chipinda, ndipo ng'uuu anapita nawo. Anatseka makutu onse ndi zala. Ndiye anamveka bwino kuposa kale, kumanzere, m'kati mwa mutu wawo.

Anakumbukira firiji, ndi thiransifoma ya kuseri kwa mpanda. Anaona kuti phokosolo linkabisala mu mkokomo wa msewu ndi makina a anansi, n'kumatuluka pokhapokha iwo eni akalamula bata ndi dzanja lawo. Anakumbukiranso masipika a m'maholo aja, momwe ankagundanirana nawo ali wachinyamata mpaka malaya kunjenjemera. Anakokera mpando uja n'kukhala pansi, ndipo telala, amene ankasuzumira, anabweza mutu wake mwaulemu.

Anachita mantha, mantha enieni, oposa amene anadzuka nawo m'mawawo. Munthu wodziwika ndi khutu, khutu likayamba kunama watsala ndi chiyani? Anafunsa akazi awo, osawayang'ana, kuti anadziwa liti.

"Kalekale. Kampandoka mumati ndinakasunthira mbali ino chifukwa cha dzuwa?"

Zinali zoona. Kampandoko kale kankakhala kumanzere kwa khomo, ndipo tsopano kanali kumanja. Patebulo kunyumba nakonso mayiwo anali atasinthana malo ndi mwana. Akamayenda mumsewu, mayiwo ankazungulira kumbuyo kwawo n'kudzayenda kudzanja lamanja. Khutu lakumanzere linali litayamba kale kutaya mawu a anthu, ndipo mkaziyo anangosamukira kumene ankamveka. A Khutu, katswiri womva zimene ena samva, sanaone chilichonse.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinayambapo kangapo. Munkakweza dzanja."

Sananene mokalipa. Anangonena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kukugwa mvula, ndipo n'chifukwa chake zinawawa. Anawonjezera kuti sabata yamawa apita limodzi kuchipatala cha makutu, afune asafune, koma lero ndi la mwana.

A Khutu anakhala pa mpandopo akutembenuza pulagi m'manja. Kunja wometa anali asanayatsebe makina, akudikira chigamulo monga mwa nthawi zonse. Ampulifaya inali pa tebulo, yotsegula, ndipo galimoto inali m'njira. Mita inali itanena kale zake, koma iwo sanatulutsepo chinthu m'chipinda chimenechi khutu la munthu lisanavomereze, ndipo sakanayamba ndi cha mwana wawo.

Anaimirira n'kubwezera pulagi pakhoma. Kanyali kanayaka. Anaonetsetsa kuti voliyumu ili pansi, kenako anapatuka pa malo amene anaimapo moyo wawo wonse.

"Mayi, tabwerani apa. Ikani khutu pakati penipeni, musagunditse kwambiri. Musamvere msewu. Mverani pansi."

Mayiwo anakonza mpango wawo, anawerama, anaika khutu pa sipika. A Khutu anakweza dzanja, ndipo ulendo uno linali lotontholetsera iwo eni, poti pakamwa pankayabwa kufuna kuwauza zoti amve. Mayiwo sanathamange. Anamvetsera ndi khutu limodzi, anatembenuka, anamvetsera ndi linalo.

"Muli kampweya pang'ono, ngati munthu akupuma kutali. Koma kung'ung'udza mulibe."

Kampweya kameneko a Khutu ankakadziwa. Ampulifaya iliyonse yamoyo imakhala nako, ndipo iwo anali asanakamve kwa nthawi yaitali osazindikira kuti kasowa. Mayi sakanakapeka. M'mutu mwa a Khutu ng'uuu anali chilirire, akuwauza kuti atsegulenso, asinthenso, ayesenso kamodzi kokha. Anatsitsa dzanja. Makina a wometa analira, a telala anayankha. Anatenga chivundikiro n'kuyamba kumanga, ndipo akazi awo anawagwirira bokosilo kuti lisasunthe.

Galimoto inaima panja akumanga chomangira chomaliza. Mzime anatsika yekha, maso otupa, n'kuima pakhomo osalowa. Anaona ampulifaya yotsekedwa bwino, chingwe chake chitakulungidwa pamwamba. Anayang'ana bambo ake mosakhulupirira, akudikira kumva kuti mawa.

"Yatheka, Bambo? Yaleka kulira?"

A Khutu anapukuta manja pa thalauza. Anatembenuza mutu kuti khutu lakumanja liloze kwa mwanayo.

"Funsa amayi ako," anatero. "Ndi amene amva."